Nkhata Zimene Zimadzipinda Zokha

 Ndikuthokoza chifukwa cha mwayi umene mwandipatsa woti ndiime kutsogolo kuno, pamalo pamene kale ndinkaimapo pokhapokha ndikalakwa.

Pamene a Sekeletale anandiimbira lamya kundiuza kuti wolankhula chaka chino ndine, anati, "Achimwene, poti inu muli ku zaulimi, mudzatiuzeko za feteleza." Ine ndinavomera, koma pambuyo pake ndinaganiza kuti za feteleza mumazimva pa wailesi tsiku ndi tsiku, ndipo wantchito wa boma ngati ine sangawonjezere kanthu pa zimene mwamva kale. Choncho ndikupempha kuti mundilole ndilankhule za kanthu kakang'ono kwambiri, kamene palibe mmodzi wa ife anakaonapo ndi maso, koma kamene ine ndakumana nako m'munda mwa bambo anga, pa maliro a alongo anga, ndiponso pa mkono wa mwana wanga wamkazi. Ndikufuna kulankhula za nkhata.

Nkhata tonse timaidziwa. Mayi akafuna kusenza ndowa kapena mtolo wa nkhuni amatenga udzu, masamba a nthochi kapena kansalu, n'kupinda mozungulira, pakati n'kusiya bowo. Nkhata yotere ili ndi woipinda. Koma m'zamoyo zonse muli nkhata zina zing'onozing'ono zimene zilibe wozipinda. Tizidutswa take, timene a sayansi amatitcha mamolekyulu, timasonkhana tokha, kulumikizana tokha, mpaka bwalo litatsekeka, popanda mmisiri, popanda kapitawo, popanda pulani yojambula papepala. Pa Chingerezi amati self-assembly, ndiye kuti kudzisonkhanitsa. Chimene ndikufuna kuti mupite nacho kwanu lero n'chakuti zimenezi si matsenga ayi. Zili ndi chifukwa chake chomveka, ndipo anthu atamvetsa chifukwacho anapeza katemera ndi mankhwala amene akupulumutsa abale athu.

Ndiyambire kumunda. Bambo anga anali mlimi wa fodya wa bale, ndipo pa nazale pawo panali lamulo limodzi losasweka: munthu aliyense wosuta kapena wofwenkha fodya asagwire mbande asanasambe m'manja ndi sopo. Amalume, amene chingambwe sichinkachoka pakamwa pawo, anakhumudwa nalo lamuloli mpaka anasiya kubwera kudzatithandiza kuwokera. Ife ana tinkayesa kuti ndi chizimba. Nditawafunsa bambo anangoti, "Anatero ndi alangizi." Yankho lenileni ndinakalipeza ku Bunda, m'kalasi ya matenda a mbewu. Pali matenda a fodya otchedwa mozeiki, amene amachititsa masamba kukhala amawangamawanga, pena pobiriwira kwambiri pena potuwa, okwinyika, ndipo fodya amapinimbira, kotero kuti ku okushoni mtengo wake umakhala womvetsa chisoni. Kachirombo kake n'kolimba zedi. Kamakhalabe ndi mphamvu m'tsamba louma kwa zaka zambiri, ndipo kamayenda pa zala za munthu kuchoka pa ndudu kupita pa mbande. Tsono alangizi sankanama.

Mwina simukudziwa kuti kachirombo ka fodya kameneka ndiko vairasi yoyamba kudziwika pa dziko lonse lapansi. Mu 1886 Adolf Mayer, Mjeremani amene ankagwira ntchito ku Netherlands, anaonetsa kuti madzi ofinyidwa m'tsamba lodwala amadwalitsa tsamba labwino. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anasefa madziwo ndi sefa yothina kwambiri imene mabakiteriya sangadutse, koma madziwo anadwalitsabe fodya. Mu 1898 Martinus Beijerinck, ku Delft, anatsimikiza kuti chimenechi ndi chinthu cha mtundu wina, ndipo anachitcha vairasi. Onsewa ankalimbana ndi mdani amene sankamuona.

Chifukwa chake sankamuona n'chakuti ndi wamng'ono mopitirira. Mukukumbukira labu yathu ija, mmene tinkaimira pamzere kudikira kusuzumira m'maikulosikopu kuti tione maselo a khungu la anyezi. Ambiri a ife tinkangoona nsidze zathu zomwe, koma tinkajambulabe zimene zinali m'buku. Aphunzitsi athu a Bayoloje ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Komatu vairasi ya fodya, ngakhale mutadekha chotani, simungaione ndi maikulosikopu ngati imene ija. Tengani milimita imodzi ya pa rula, muigawe magawo 1,000,000. Gawo limodzi limatchedwa nanomita. Vairasi ya fodya ili ngati kandodo kotalika mananomita 300, kunenepa kwake mananomita 18 basi. Kuti mudzaze milimita imodzi mufunika kundandalika tindodo toposa 3,000 motsatizana. Anthu anadzaiona koyamba mu 1939, atapanga maikulosikopu yoyendera maelekitironi ku Germany.

Kandodo kameneka kali ndi zinthu ziwiri zokha. Choyamba ndi ulusi umodzi wautali wotchedwa RNA, umene uli ndi malangizo onse a kachiromboko, monga mmene mbewu imasungira mtundu wa chimanga. Chachiwiri ndi chovala choteteza ulusiwo, chopangidwa ndi tizidutswa ta puloteni tofanana ndendende tokwana pafupifupi 2,130. Mu 1955, ku yunivesite ya California ku Berkeley, Heinz Fraenkel-Conrat ndi Robley Williams anachita chinthu chimene chinadabwitsa anthu. Anaphwasula vairasiyo, ulusi paokha, tizidutswa ta chovala patokha. Kenaka anathira zonse ziwiri m'botolo limodzi la madzi a mchere pang'ono, n'kuzisiya. Atabwerako anapeza tindodo tathunthu, ndipo atatipaka pa masamba a fodya, masambawo anadwala. Taganizirani, anzanga, mutaphwasula njinga, n'kuika masipoko, tcheni ndi mabawuti m'thumba, mawa lake n'kupeza njinga yoti mungakwere. Njinga singatero, koma vairasi inatero.

Nanga zimatheka bwanji? Amene anathandiza kwambiri kuyankha funsoli anakulira kuno kumwera kwa Africa. Aaron Klug anabadwira ku Lithuania mu 1926, koma anakulira ku Durban ndipo anaphunzira ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Atapita ku London anagwira ntchito ndi mayi wina katswiri, Rosalind Franklin, amene anaonetsa kuti kandodo kaja kali ndi mphako pakati, ndi kuti ulusi wa RNA umazungulira utakwiririka m'chovala chake. Franklin anamwalira ndi khansa mu 1958 ali ndi zaka 37 zokha, ndipo Klug anapitiriza ntchitoyo ku Cambridge. Kumeneko iye ndi anzake anafufuza zimene tizidutswa ta chovala timachita tikakhala patokha m'madzi, popanda ulusi. Sitimwazikana chisawawa ayi. Timapanga nkhata: tizidutswa 17 pa bwalo limodzi, mabwalo awiri osanjikizana, onse pamodzi tizidutswa 34, pakati pali bowo.

Apa ndi pagona nkhani yanga, choncho ndipempha amene ayamba kuodzera kumbuyoko adzuke kaye. Pali zinthu zitatu zimene zimachititsa kuti nkhata idzipinde yokha.

Choyamba ndi maonekedwe a kachidutswa kalikonse. Mukasenda nachesi mumaona kuti kagawo kalikonse n'konenepa kunja, kopyapyala mkati. Mukaika timagawoto moyandikana sitingapange mzere woongoka, timakhota tokha mpaka kagawo komaliza kakumane ndi koyamba. Amisiri omanga zitsime amadziwa zomwezi. Kachidutswa ka puloteni ya vairasi ya fodya kalinso chimodzimodzi. Bwalo lonse paja lili ndi madigiri 360, ndipo mukagawa ndi 17 mupeza kuti kachidutswa kalikonse kamakhotetsa mzere ndi madigiri pafupifupi 21. Choncho pulani ya nkhata yonse ili kale m'maonekedwe a kachidutswa kamodzi. Kachidutswako sikadziwa kuti kakumanga chiyani, kamangokwanira pambali pa kanzake.

Chachiwiri ndi kuyenda kosalekeza. Ife timaona ngati madzi a m'kapu ali phee, koma mamolekyulu ake amathamanga usana ndi usiku chifukwa cha kutentha, ndipo amakankha chilichonse chaching'ono chimene chili m'madzimo. Robert Brown anaona kunjenjemera kumeneku ndi maikulosikopu mu 1827, ndipo Albert Einstein anafotokoza chifukwa chake mu 1905. Tsono tizidutswa ta puloteni sitifuna wotinyamula. Madzi amatitembenuza ndi kutigunditsa ndi tinzake kambirimbiri pa kamphindi, mpaka tina tigundane mbali yoyenera.

Chachitatu, chimene ine chimandisangalatsa koposa, n'chakuti guluu wake ndi wofooka. Pambali pa kachidutswa kalikonse pali malo ena amene amadana ndi madzi, ngati mafuta ophikira amene amasonkhana okha pamwamba pa msuzi, ndipo pali malo ena amene amakokana ngati maginito. Mphamvu zimenezi n'zochepa kwambiri. Tizidutswa tiwiri tikagundana molakwika timagwirana pa malo amodzi kapena awiri okha, ndipo madzi aja akakankha timalekana. Koma tikagundana moyenera timagwirana pa malo ambiri nthawi imodzi, ndipo sitilekana msanga. Choncho zolakwa zimadzimasula zokha, zolondola n'kumatsala. Guluu akanakhala wamphamvu kwambiri, cholakwa choyamba chikanakhala chomwecho mpaka kalekale, ndipo m'malo mwa nkhata tikanapeza chibuluma chopanda ntchito.

Izi zikutiuzanso chifukwa chimene chilengedwe chimakondera nkhata. Mzere woongoka uli ndi nsonga ziwiri, ndipo kachidutswa ka kunsonga kamagwiridwa mbali imodzi yokha, kotero kuti sikachedwa kuthothoka. Nkhata ilibe nsonga. Kachidutswa kalikonse kali ndi kanzake kumanja ndi kumanzere. Komanso nkhata imadziwa polekezera: ikangotsekeka, palibe malo oti kachidutswa kena kalowepo, ndipo nkhata zonse zimatuluka za msinkhu umodzi. Pamwamba pa zonsezi, imakhala ndi bowo pakati, ndipo bowo ndi chinthu chantchito, poti mungadutsitsemo ulusi kapena kulowetsamo chitsulo choti chizizungulira.

Vairasi ya fodya imagwiritsa ntchito bowo lomwelo. Mu 1971 Klug ndi mnzake Jonathan Butler anaonetsa kuti kumanga kwa kandodo kumayambira pa nkhata. Malo ena apadera a ulusi wa RNA amalowa m'bowo ngati ulusi pa singano, nkhata n'kupotoka pang'ono, nsonga ina kukwera pamwamba pa inzake ngati sipuling'i, ndipo tizidutswa tina timawonjezekera pamenepo mpaka ulusi wonse utavala. Akatswiri anatsutsana kwa zaka zambiri za maonekedwe enieni a poyambira pake, monga mmene a sayansi amachitira, koma ntchito ya Klug pa zinthu zotere inampezetsa mphoto ya Nobel mu 1982. Gulu lake linaonetsanso kuti "zokha" sizitanthauza kuti paliponse. Madzi akakhala pakatikati, osawawasa, pamatuluka nkhata. Akawawasa pang'ono pamatuluka tindodo tatitali topanda ulusi mkati. Akapendekera mbali inayo, ya phulusa kapena soda, tizidutswa timangokhala timagulu ting'onoting'ono. Mchere ndi kutentha nazonso zimasintha zotsatira. Ndipo m'maselo amoyo nthawi zina mumakhala mapuloteni ena othandizira, amene ntchito yawo ili ngati ya azamba.

Musaganize kuti nkhata zimenezi ndi za tizirombo tokha. Pamene mwakhala pamenepo, m'maselo mwanu muli timakina tosawerengeka totchedwa ATP synthase, timene timapanga mafuta oyendetsera thupi kuchokera ku mphamvu ya nsima imene mwadya. Pansi pa kamakina kalikonse pali nkhata, imene mwa munthu ili ndi tizidutswa 8. Timaatomu ta haidrojeni tokhala ndi mphamvu ya magetsi timadutsa pambali pake n'kuizunguza, monga mmene madzi a Shire amazunguzira makina a magetsi ku Nkula. Paul Boyer wa ku America ndi John Walker wa ku Britain analandira Nobel mu 1997 chifukwa chofotokoza kamakina kameneka, ndipo chaka chomwecho akatswiri a ku Japan anakaona ndithu kakuzungulira. Kachirombo ka chifuwa chachikulu nako kali ndi kamakina kake, koma nkhata yake ndi yosiyana ndi yathu. Mankhwala otchedwa bedaquiline, amene anavomerezedwa mu 2012 ndipo amapatsidwa kwa odwala TB yosamva mankhwala, amakakamira pa nkhata ya kachiromboko n'kuiimitsa, ngati kulowetsa mtengo m'masipoko. Kachirombo kamafa chifukwa chosowa mphamvu.

Tsopano ndifike pa maliro aja. Alongo anga aakulu, amene anandilipirira fizi ya Fomu 3 ndi ndalama za geni ya tomato, anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero akadali mayi wamphamvu zake, kusiya ana anayi. Anapirira ululu ndi kutaya magazi kwa nthawi yaitali osauza munthu, chifukwa cha manyazi, ndipo pamene tinkafika nawo kuchipatala madokotala anati tachedwa. Ine ndinali ndi digiri yanga m'thumba, koma sindinadziwe choti ndiwafunse pamene ankabwera kudzacheza akuoneka otuwa. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Ndipo sindili ndekha m'chipinda muno. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ikupha amayi ambiri koposa. Malinga ndi chiwerengero cha bungwe la WHO cha 2020, amayi oposa 4,000 amapezeka nayo m'Malawi pachaka, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira.

Khansa imeneyi imayamba ndi vairasi yotchedwa HPV, imene imafala pogonana ndipo ndi yofala kwambiri pakati pa amuna ndi akazi omwe. Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake ndi amene anapeza mitundu yake iwiri yoopsa, wa 16 mu 1983 ndi wa 18 mu 1984, imene imayambitsa pafupifupi 70 mwa makhansa 100 aliwonse a khomo la chiberekero. Chigoba cha vairasiyi chimamangidwa ndi nkhata. Tizidutswa ta puloteni 5 timapanga nkhata imodzi, ndipo nkhata 72 zimalumikizana kukhala kampira, mkati mwake muli mbewu ya kachiromboko. Mu 1991, ku Brisbane ku Australia, Jian Zhou ndi Ian Frazer anaonetsa kuti mapuloteni a chigobacho akapangidwa mu labu amadzisonkhanitsa okha kukhala timipira, ngakhale popanda mbewu ya vairasi mkati. Magulu ena a ku America anapititsa ntchitoyi patsogolo, ndipo mu 2006 katemera woyamba, Gardasil, anavomerezedwa. Puloteni yake imapangidwa ndi yisiti, ya mtundu womwe uja wofufumitsira buledi. Kampira kopanda kanthu mkati kameneka ndiye katemerayo. Thupi likakaona limaphunzira nkhope ya mdani, ndipo mdani weniweni akadzabwera amapeza asilikali ali chire.

Katemerayu anayesedwa koyamba m'maboma a Rumphi ndi Zomba mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Pamene mwana wanga wamkazi anakwanitsa zaka zimenezo, apongozi anga, amene anali kwathu masiku amenewo, anandiitanira kuseri. Anati, "Apongozi, mwamva zimene akunena anthu? Akuti jakisoni ameneyu ndi wotseka mimba. Mwanayu musamupereke." Sindinawanyoze, chifukwa ankalankhula mwa chikondi pa mdzukulu wawo. Ndinatola chigoba cha nkhono kuseri kwa bafa n'kuwafunsa kuti, "Amayi, kodi ichi chingadye mpiru wanu kudimba?" Anaseka nati, "Chidya bwanji, mwini wake mulibemo?" Ndinati, "Nanga mwana amene sanaonepo nkhono, mutamuonetsa ichi, mawa akaipeza pa mpiru aizindikira?" Anati aizindikira. Ndinawauza kuti katemera uja ndi chomwecho, chigoba chopanda mwini wake. Ndinawakumbutsanso za alongo anga, ndi kuti chimene chimalanda mayi chiberekero ndi khansayo. Sananene kuti ndawagonjetsa, paja apongozi sagonja, koma tsiku la katemera anamuperekeza okha mwanayo.

Kwa amene mukufuna umboni woposa chigoba cha nkhono, ulipo. Katemerayu waperekedwa kwa atsikana mamiliyoni ambiri kuyambira 2006, ndipo akatswiri a WHO olondoloza za chitetezo cha katemera sanapeze umboni woti amaletsa kubereka. Kafukufuku wa ku Sweden amene anatuluka mu 2020, wokhudza atsikana ndi amayi pafupifupi 1.7 miliyoni, anapeza kuti mwa amene anabayidwa asanakwanitse zaka 17, khansayi inachepa ndi 88 pa 100 iliyonse. Koma dziwani kuti katemera amateteza, sachiza. Amayi aakulu afunika kumakayezetsa khomo la chiberekero kuchipatala, chifukwa zizindikiro zoyamba zikapezeka msanga zimachizika.

M'mawa muno tinaimirira mphindi imodzi kukumbukira anzathu amene anatisiya, ndipo tonse tikudziwa mumtima matenda amene anatenga ambiri a iwo. Kachirombo ka HIV nako kamabisa mbewu yake m'chigoba cha nkhata. Mukayang'ana mpira wachikopa wakale uja muona kuti unasokedwa ndi zigamba za ngodya 6 ndi zina za ngodya 5, ndipo za ngodya 5 zilipo 12. Chigoba cha HIV chili chimodzimodzi: nkhata za tizidutswa 6 pafupifupi 250, ndi nkhata za tizidutswa 5 zokwana 12 ndendende, zimene zimachititsa kuti chigobacho chikhote ndi kutsekeka. Chigobachi chiyenera kulimba mokwanira kuti chifikitse mbewu mkati mwa selo la munthu, komanso chiyenera kutseguka nthawi yake ikakwana. Paja ndanena kuti ubwino wa guluu wake ndi kufooka. Tsono mankhwala atsopano otchedwa lenacapavir amalowa pampata wa pakati pa tizidutswa tiwiri ta nkhata n'kusokoneza muyezo umenewo. Chigoba chimauma gwa mosayenera, ndipo zigoba zatsopano zimatuluka zopunduka. Pa kafukufuku wa ku South Africa ndi Uganda amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, mwa atsikana ndi amayi 2,134 amene ankabayidwa mankhwalawa kawiri pachaka, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka atatenga kachiromboko pamene zotsatirazo zinkalengezedwa. Mu Julaye 2025 bungwe la WHO linalangiza maiko kuti awagwiritse ntchito ngati njira ina yopewera HIV.

Anthu aphunziranso kupanga nkhata zawozawo potengera nzeru yomweyi. Mu 1983 Jean-Pierre Sauvage, ku Strasbourg, anagwiritsa ntchito atomu ya kopa kusonkhanitsa mamolekyulu kuti nkhata ziwiri zikolane ngati unyolo. Mu 1991 Fraser Stoddart anapanga nkhata imene imayenda uku ndi uku pa kandodo. Awiriwa, pamodzi ndi Ben Feringa, analandira Nobel mu 2016 chifukwa cha timakina ta mamolekyulu. Ndipo mu 2024 David Baker wa ku Seattle analandira nawo Nobel chifukwa chojambula mapuloteni atsopano pa kompyuta, ena mwa iwo opangidwa dala kuti azidzisonkhanitsa kukhala nkhata ndi timipira.

Taonani kutalika kwa ulendowu. Kuchokera pamene Mayer ankafinya masamba a fodya mu 1886 kufika pa katemera wa HPV mu 2006 panadutsa zaka 120. Pamene Klug ankawerenga tizidutswa 17 pa nkhata, munthu akanatha kumufunsa kuti, "Nanga zimenezi tidya?" Ifenso tinkafunsa chimodzimodzi m'kalasi ya Physical Science masana dzuwa likuswa mtengo. Yankho linabwera mochedwa, koma linabwera, ndipo lili pa mkono wa mwana wanga. Aphunzitsi athu aja sanalakwe pa za maso a nkhono.

Ndikuona ena mukumwetulira, mukuyembekeza kuti ndimalize ndi kunena kuti ifenso tigwirizane ngati mamolekyulu. Sinditero, chifukwa pamenepo ndiye pamene fanizo limathera. Nkhata za vairasi zimadzipinda zokha, koma labu ya sukulu siidzimanga yokha. Tayendera limodzi labu ija m'mawa muno, ndipo mwaona nokha mipope yosatuluka madzi ndi mashelefu opanda kanthu. Ana athu akuloweza zoyesera zimene sanazichitepo, monga mmene ife tinkajambulira anyezi amene sitinamuone. Tikangokhala n'kumadikira, sipadzatuluka nkhata ayi, padzatuluka chiswe.

Choncho ndili ndi mapempho atatu. Loyamba, aliyense amene ali ndi mwana wamkazi, mdzukulu kapena mwana wa mlongo wake, akafunse kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo za katemera wa HPV, ndipo aonetsetse kuti mwanayo walandira. Lachiwiri, amayi muli muno kayezetseni, ndipo abambo, tikafika kunyumba tiwalimbikitse akazi athu ndi alongo athu, tisachite manyazi ngati amene ndinachita ine. Lachitatu, a Msungichuma akhala pakhomo ndi buku lawo la thumba lokonzera labu. Ine ndalembetsa kale, ndipo malipiro a wantchito wa boma mukuwadziwa, choncho palibe amene ali ndi chowiringula.

Bambo anga anamwalira asanamvepo za Aaron Klug, koma ankasamba m'manja asanagwire mbande, ndipo fodya wawo ankapita ku okushoni wopanda mawanga. Ife tinapatsidwa mwayi wodziwa chifukwa chake. Tiyeni tiupereke mwayi womwewo kwa ana amene akukhala pa madesiki athu aja lero.